Musasandutse madokotala athu onyamula mafomu

Sabata yatha mwana wa mlongo wanga adafika kunyumba ndi nkhope yakugwa. Ndi dokotala, ndipo pano akuphunzira ukadaulo wochiza matenda a maganizo. Asanakhale n'komwe pansi adandipatsira foni.

"Amalume, tawerengani apa."

Lidali lipoti la kafukufuku lomwe langotuluka kumene m'magazini ina ya madokotala ya kunja. Pamwamba padali mndandanda wa mayina a mapulofesa ndi madokotala, ena akuno ena akutsidya la nyanja. Ndidawerenga kawiri. Lake padalibe.

Adatsitsa tsambalo ndi chala mpaka kumapeto, kuja kumakhala timalemba tofunika mandala. Kumeneko kudali kamzere kamodzi kothokoza "ogwira ntchito m'wodi".

Ogwira ntchito m'wodi! Mtsikana ameneyu ndiye adakhala ndi odwalawo mmodzimmodzi. Ndiye adakonza mafunso ataona kuti Chichewa chomwe chidabwera ndi pulojekiti agogo a kumudzi sakuchimva. Ndiye ankatsalira pa benchi ndi magadiyani mpaka dzuwa kulowa, atachezera kale usiku wonse ndi odwala. Ndiyenso adachenjeza eni pulojekiti kuti funso lina likuwapatsa mayankho abodza, chifukwa amayi sangaliyankhe momasuka apongozi ali chikhalire pomwepo.

Ndidamufunsa chomwe sadadandaulire. Yankho lake ndi lomwe landilembetsa ndemanga ino.

"Amalume, ndikadandaule kwa yani? Amene ndingamudandaulireyo ndi yemweyo adzasaine kuti ndakhoza maphunziro."

Poti iye wamangidwa pakamwa, ndiyankhula ndine.

Lero ndili nanu inu abwana a kafukufuku, akuno ndi akunja omwe. Inu amene mumasunga makiyi a mapulojekiti. Inu amene mumakwera ndege kupita ku misonkhano ya ku London ndi ku Cape Town kukanena kuti "tapeza", pamene wopezayo ali m'wodi akulembera odwala mankhwala.

Si nonse ayi. Alipo aphunzitsi amene amamugwira dzanja wophunzira mpaka ataima payekha, ndipo amenewo ndimawapatsa ulemu wonse. Koma enanu mukudzidziwa.

Mlandu wanu ndi umodzi. Mwatenga dokotala amene dziko lamuphunzitsa zaka zambirimbiri ndi misonkho ya amayi ogulitsa tomato, n'kumusandutsa wonyamula mafomu. Funso lofufuza ndi lanu. Ndalama zili m'manja mwanu. Dzina lotuluka ndi lanu. Iye chake ndi thukuta, kaalawansi ka thiransipoti, ndi tisheti yolembedwa dzina la pulojekiti.

Kodi kumeneku mumati kuphunzitsa? Kumudzi timati ganyu. Ndipo waganyu aliko bwino, chifukwa iye amagwirizana mtengo asanagwire khasu.

Mwina wina afunsa kuti dzina pa pepala n'chiyani kuti munthu alilembere ndemanga yonse. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno tidalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo lero tachuluka kuposa apo. Madokotala akadaulo a matenda a maganizo mungawawerenge ndi zala za m'manja. Katundu yense wagwera anamwino ndi ma clinical officer, ku Zomba Mental, ku St John of God ku Mzuzu, ndi m'tizipinda ta m'zipatala za m'maboma.

Choncho dokotala aliyense amene wasankha ntchito imeneyi, anzake akuthamangira ya opaleshoni ndi ya ana, ndi mbewu. Mawa ndiye adzaphunzitse ena. Ndiye adzalangize unduna za mankhwala oyenera kugula. Ndiye adzaime pamaso pa aphungu kufotokoza chomwe achinyamata athu akudzimangirira. Adzanena chiyani ngati pa zaka zake zonse za maphunziro sadafunsepo funso lakelake n'kulilondola mpaka pa yankho?

Ngakhale chaka cha njala, mlimi wanzeru sakazinga mbewu. Inu mukukazinga.

Nkhani ya amene akufunsa funso si yachibwana, makamaka pa matenda a maganizo. Tidaziona kale zomwe zimachitika ena akamafunsa m'malo mwathu.

Mu 1936 madokotala awiri a boma la atsamunda, Shelley ndi Watson, adasindikiza kafukufuku wa matenda a maganizo pakati pa anthu a mu Nyasaland, pa nthawi imene malo osungira odwalawo ku Zomba adali m'manja mwa a ndende. Makolo athu adali oyezedwa. Woyeza, wolemba ndi wowerenga onse adali alendo.

Mu 1953 bungwe la World Health Organization lidasindikiza buku la dokotala wachizungu, J.C. Carothers, amene adagwirapo ntchito pa chipatala cha Mathari ku Nairobi. Munthu ameneyu ankaphunzitsa kuti ubongo wa munthu wakuda ndi waulesi mbali yakutsogolo. Ankatinso matenda ovutika maganizo, aja pa Chingerezi amati depression, sapezekapezeka pakati pathu. Bodza limeneli lidavala jekete la sayansi, ndipo ambiri adalikhulupirira. Ndi amayi angati adafota ndi chisoni osathandizidwa chifukwa buku lidati munthu wakuda savutika maganizo?

Adathandiza kuligwetsa bodzali ndi mnyamata wa ku Nigeria, Thomas Adeoye Lambo. Mu 1954, ali ndi zaka 31, atangobwera kumene kuchokera ku maphunziro ku London, adayamba chinthu chomwe mabuku ake sadamuphunzitse. Ku Aro, pafupi ndi Abeokuta, adakonza zoti odwala azigona m'midzi yozungulira chipatala, aliyense ndi m'bale wake, masana n'kumabwera kudzalandira chithandizo. Adagwiranso ntchito ndi asing'anga. Kafukufuku amene iye ndi anzake adachita pakati pa Ayoruba, yemwe adatuluka mu 1963, adaonetsa kuti nkhawa ndi kuvutika maganizo zilimo ndithu m'midzi ya mu Africa. Pambuyo pake Lambo adakhala wachiwiri kwa mkulu wa World Health Organization.

Akadapatsidwa mafomu a Carothers kuti azidzaza, bwenzi lero tikumudziwa?

Musaganize kuti zimenezi zidatha ndi atsamunda. Taonani mankhwala otchedwa clozapine. Amenewa ndi amene amathandiza odwala schizophrenia pamene mankhwala ena alephera. Vuto lake amatha kuchepetsa asilikali ena a m'magazi, choncho wodwala amayenera kuyezedwa magazi pafupipafupi. Mlingo woti magazi ali bwino kapena ayi adautenga pa matupi a azungu. Chonsecho anthu ambiri a mu Africa amabadwa ndi asilikali amenewa ocheperako popanda vuto lililonse. Kwa zaka zambiri odwala akuda ankamanidwa mankhwalawa, kapena kuwasiyitsa panjira, chifukwa cha mlingo wa eni ake. Ku America mlingowu adaukonza mu 2015.

Nanga efavirenz, yemwe adali mu ma ARV aja ambiri ankawadziwa kuti 5A? Ziwindi za anthu ambiri a kuno ku Africa zimachedwa kumuphwanya, choncho amachuluka m'magazi. Zotsatira zake ndi chizungulire, maloto oopsa, ndipo ena mutu umasokonekera. Amene amayamba kuona zoterezi ndani? Ndi dokotala amene wodwala wamupeza pakati pa usiku akubwebweta. Pulofesa amadzazimva pa msonkhano patapita zaka.

Dokotala wogona m'wodi ali ndi mafunso amene sangabadwire mu ofesi yoziziritsa ndi makina.

Mayi akabwera n'kunena kuti "mtima ukundithamanga", "mutu ukutentha", "m'thupi mukuyenda zinthu", ndi angati amene amapatsidwa panado n'kubwezedwa, chikhalirecho chikuwadya ndi maganizo?

Wodwala amatha miyezi ingati kwa sing'anga ndi ku mapemphero asanafike kuchipatala, ndipo tingatani kuti asing'anga ndi abusa azimutumiza msanga?

Mnyamata amene adatuluka m'chipatala ali bwinobwino, n'chifukwa chiyani wabweranso atamangidwa zingwe? Mankhwala adatha ku chipatala chaching'ono cha kwawo? Ya minibasi idasowa? Kapena mankhwala a chlorpromazine ankamugonetsa anzake ali kumunda, mpaka achibale adati asiye?

Anthu a ku Chilobwe, ku Phalombe ndi ku Mulanje amene adaona abale awo akukokoloka ndi matope a namondwe wa Freddy mu 2023, amagona bwanji mvula ikayamba kugunda pa malata?

Mafunso amenewa ophunzira anu ali nawo. Mudawafunsapo?

Dziko lino likudziwa phindu la funso lobadwira m'wodi. Madokotala a dziko lonse lapansi ankagwiritsa ntchito mlingo wa ku Glasgow poyeza kukomoka kwa wodwala. Koma mlingowo umafuna munthu wodziwa kuyankhula ndi kumvera zomwe wauzidwa. Nanga mwana wa chaka chimodzi amene malungo amukwera m'mutu? Ku Queens ku Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adakonza mlingo wina woyang'ana maso a mwana, kalilidwe kake, ndi mmene akuchitira akamva kuwawa. Udatuluka mu 1989. Lero Blantyre Coma Score ikugwira ntchito kulikonse kumene malungo akupha ana. Awiriwa adali alendo, inde, koma alendo amene adakhala pambali pa bedi la mwana. Funsolo adalitola pomwepo.

Tiwoloke Zambezi. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adataya wodwala wake wachitsikana amene adadzipha kumudzi, banja litasowa ndalama ya basi yobwerera naye kuchipatala. Imfayo idamusiyira funso: ngati odwala sangafike kwa dokotala, ndani ali nawo pafupi? Yankho lidali agogo aakazi. Mu 2006 adayamba ku Mbare ndi agogo 14, benchi yathabwa, ndi mawu a Chishona akuti kufungisisa, omwe ife timati kuganiza kwambiri. Kafukufuku wa anthu 573 m'zipatala 24, yemwe adatuluka mu 2016, adapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa anthu 100 aliwonse amene adakhala pa benchi, pafupifupi 14 okha ndiwo adali akuvutikabe maganizo. Mwa amene adalandira chithandizo cha masiku onse adali pafupifupi 50. Njira ya Friendship Bench idafalikira m'maiko ambiri, ndipo kuno kwathu idafikanso.

Benchi, agogo, ndi funso la dokotala amene mtima udamuwawa. Ndi ofesi iti ya kunja ikadaganiza zimenezo?

Tsono ndikudziwa zomwe muyankhe. Munena kuti awa ndi ana, aphunzire kaye. Kafukufuku si masewera.

Zoona, si masewera. Wophunzira ayenera kuyamba ndi ntchito yapansi. Adziwe kufunsa wodwala, kudzaza fomu mosamala, kulowetsa ziwerengero mu kompyuta. Palibe akukana. Koma mwana amene mumangomutuma madzi ndi nkhuni, chaka ndi chaka, osamupatsa mthiko, adzadziwa liti kuphika nsima? Ndipo tsiku limene mudzadwale, adzakuphikireni ndani?

Mu 1981, ku Royal Perth Hospital ku Australia, kudali dokotala wa zaka pafupifupi 30, Barry Marshall, amene adali pa maphunziro a ukadaulo ngati mwana wa mlongo wangayu. Ankafuna kafukufuku woti achite. Adakumana ndi Robin Warren, dokotala wamkulu wa mu labotale, amene ankaona tizilombo tachilendo m'zifu za odwala. Nthawi imeneyo madokotala ankati zilonda za m'mimba zimadza ndi nkhawa ndi asidi wambiri. Awiriwa adaonetsa kuti zambiri zimayamba ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, ndipo zimachizika ndi mankhwala opha tizilombo. Mu 2005 adalandira mphotho ya Nobel, onse awiri. Warren sadanene kuti uyu ndi mwana, ayambe wandinyamulira chikwama.

Palinso nkhani ina. Mu 1943 wophunzira wa zaka 23, Albert Schatz, adapeza streptomycin, jakisoni uja odwala TB ambiri kuno adabayidwapo. Adachita kupita kukhoti mu 1950 kuti avomerezedwe kuti naye adali mwini ntchitoyo. Mphotho ya Nobel ya 1952 idapita kwa bwana wake yekha, Selman Waksman. Mpaka lero nkhaniyi imasimbidwa ngati chitsanzo cha mmene wamkulu amaphimbira wamng'ono.

Abwana, pa awiriwa mukufuna adzakukumbukireni ngati uti?

Munenanso kuti odwala ndi ambiri, madokotala ndi ochepa, nthawi ya kafukufuku palibe.

Nanga nthawi yodzaza mafomu anu imachokera kuti? Pulojekiti ikakhala yanu, wophunzira amapezeka Loweruka, amapezeka usiku, amapezeka ngakhale ali pa tchuthi. Akangoti ali ndi funso lake, pomwepo mwakumbuka kuti wodi yadzadza. Mapeto ake, kafukufuku amene digiri yake imafuna amamulemba mothamanga miyezi yomaliza, ndi mutu womwe mwamusankhira inu, n'kukamusiya pa shelefu kuti adyedwe ndi chiswe.

Kuchuluka kwa odwalako ndiye chifukwa chenicheni chofufuzira. Wodwala yemweyo akabwera kachitatu chaka chimodzi, atatenga bedi, jakisoni ndi mphamvu za namwino, ndipo palibe amene wafunsa chomwe chikumubweza, tikukapa madzi m'bwato osatseka pobooka. Asodzi a ku Nkhotakota angatiseke. Dokotala mmodzi atapatsidwa tsiku limodzi pa sabata kuti apeze pobookapo, mzere wa pakhomo la wodi ukhoza kufupika kwa zaka zambiri.

Chomaliza mudzabisala kumbuyo kwa opereka ndalama. Mudzati ndalama ndi za eni ake, ndipo eni ake ndiwo amasankha funso ndi mayina.

Pa za mayina musanamizire azungu. Malamulo a akonzi a magazini a madokotala, amene inu mumawadziwa bwino kuposa ine, amati munthu amene wagwira gawo lalikulu posonkhanitsa kapena kutanthauzira zopeza ayenera kupatsidwa mwayi wolemba nawo lipoti, kuti dzina lake likhalepo. Inu mumamumana mwayiwo dala. Mumalemba nokha, kenako mukuti sadalembe nawo. Kumeneko ndi kutsekera munthu kunja n'kumamuimba mlandu woti sadalowe.

Pa za ndalama, si funso lililonse limafuna mamiliyoni. Mu 1949 John Cade, dokotala wa pa chipatala cha odwala maganizo ku Bundoora, pafupi ndi Melbourne, adafalitsa zomwe adaona pa odwala khumi a matenda aja munthu amasangalala mopyola muyeso, osagona, osakhazikika. Adawapatsa lithium, atayamba wamwa yekha kuti aone ngati sapweteka. Labotale yake idali kachipinda kosiyidwa. Mankhwalawo akuthandiza anthu mpaka lero.

Ifenso tili ndi chuma chomwe chikungodyedwa ndi fumbi. Mafayilo a odwala a zaka ndi zaka ali m'zipinda za zipatala zathu. Mabuku olembamo obwera ndi otuluka alipo. Wophunzira wokhala ndi laputopu, chilolezo, ndi mphunzitsi womuwongolera akhoza kutiuza kuti odwala obwerezabwereza ndi ati, akuchokera maboma ati, ndipo amabwera miyezi iti. Zimenezi sizifuna galimoto ya pulojekiti. Chomwe zikufuna ndi ola lanu limodzi pa sabata, mutakhala naye pansi. Ola limenelo ndi lomwe mukuumira nalo.

Ndipo ngati muli ndi luso lokopa opereka ndalama, luso lowauza kuti "mu pulojekiti muno mukhale funso limodzi la wophunzira wathu" likusowa bwanji? Mumakambirana nawo za magalimoto ndi za mahotela a kunyanja. Za mwana wa eni dziko pakamwa pamauma?

Pali china chowawa kuposa dzina, ndipo chimakhudza wodwala.

Wonyamula mafomu amapatsidwa nambala: mwezi uno upeze odwala akutiakuti. Iye yemweyo ndiye dokotala wawo. Tsono taganizirani bambo amene wangoyamba kumene kutsitsimuka, mutu udakali wolemera ndi mankhwala, ndipo adokotala amene ali ndi mphamvu yomutulutsa m'wodi akumupempha kuti adinde chala pa pepala. Akana bwanji? Gadiyani amene wagona pa simenti sabata zitatu akana bwanji?

Chikalata cha Helsinki cha 1964, chomwe chimatsogolera kafukufuku wa pa anthu, chidaika kuvomera kwa munthu mwa kufuna kwake patsogolo. Kuno tili ndi makomiti monga NHSRC amene amaunika kafukufuku asanayambe. Koma komiti siikhala pambali pa bedi. Amene amakhalapo ndi wophunzira uja. Ngati mwamuphunzitsa kafukufuku weniweni, adzadziwa kuyeza ngati wodwala akumvetsa zomwe akuvomera. Adzadziwa kubweranso mawa mutu ukapepuka. Adzalimba mtima kukuuzani kuti "uyu ayi". Ngati mwangomuphunzitsa kukwanitsa nambala, adzadinditsa chala.

Makolo adati wamisala adaona nkhondo. Ankatanthauza kuti munthu amene onse akumunyoza akhoza kukhala ndi mawu opulumutsa mudzi. Odwala athu ali ndi zambiri zotiuza za mankhwala, za manyazi, za mmene amawalandirira kumudzi akatuluka. Khutu lomwe lili pafupi nawo ndi la wophunzira. Mukalitseka ndi fomu ya mayankho a "inde" ndi "ayi", mwatseka pakamwa pa wodwalanso.

Ndiye tikufuna chiyani? Zinthu zake si zovuta.

Wophunzira ukadaulo aliyense akhale ndi tsiku lake la kafukufuku pa sabata, lolembedwa pa ndandanda ya ntchito, loti wina asalilande chifukwa kwabwera alendo a pulojekiti.

Akhale ndi funso lakelake, lochokera m'wodi momwe akugwira ntchito. Mphunzitsi alisule, alichepetse ngati lakula, koma asalisinthanitse ndi lake.

Nkhani ya mayina ikambidwe ntchito isanayambe, ilembedwe, onse asaine. Ntchito imene wophunzira watsogolera, dzina lake likhale loyamba. Namwino ndi clinical officer amene asenza nawo katundu asaiwalidwe.

Makomiti ounika kafukufuku azifunsa mwini pulojekiti aliyense kuti: muno muli ophunzira angati, akuphunziramo chiyani, ndipo adzatulukamo ndi chiyani?

Ndipo masukulu ophunzitsa madokotala akhale ndi khomo lina lomwe wophunzira angagogode akalakwiridwa, losiyana ndi la amene amamulembera mayeso. Mbuzi siingakasume kwa fisi.

Kwa inu madokotala achinyamata, mawu anga ndi ochepa. Musathawe kafukufuku chifukwa cha anthu amene amuipitsa. Yendani ndi kabuku m'thumba la gauni. Chilichonse chokudabwitsani m'wodi, lembani. Pakutha pa mwezi sankhanipo funso limodzi, laling'ono, loti mungaliyankhe ndi zomwe muli nazo. Funani mphunzitsi amene ophunzira ake akale amamutchula mokondwa. Akakuitanirani ku pulojekiti, funsani mwaulemu tsiku loyamba lomwelo kuti gawo lanu ndi liti ndipo dzina lanu lidzakhala pati. Safunsa adadya phula. Mukamaliza, bwererani ku wodi komweko mukawauze odwala, magadiyani ndi anamwino zomwe mwapeza, m'chiyankhulo chomwe adakuyankhirani.

Mwana wa mlongo wanga adabwerera kuntchito m'mawa mwake. Funso lake ali nalo kale. Akufuna kudziwa chomwe chimachitikira amayi amene mutu udasokonekera atangobereka, akatuluka m'chipatala n'kubwerera kumudzi: ndani amawayendera, mwana amayamwa bwanji, banja limalimba kapena limatha. Palibe wa kunja amene adamutuma. Adalitola yekha, pambali pa bedi.

Abwana a kafukufuku, m'patseni tsiku lake, m'lekereni funso lake, ndipo lembani dzina lake. Mukakana, musadzaime pa msonkhano n'kumadandaula kuti Malawi alibe akatswiri a matenda a maganizo. Mbewu idalipo, ndipo mudaikazinga ndinu.